Momwe mungatsatire sitima ya feteleza mpaka itaima pa doko la Beira kapena Nacala

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, wogulitsa zipangizo zaulimi, mwini mathiraki ndi mlembi wa kopaletivu onse amakhala ndi funso limodzi: feteleza afika liti? Yankho lake nalonso silisintha. "Sitima ili m'njira, bwana." Mawuwa angakhale oona sitimayo ili pafupi ndi Beira, angakhalenso oona isanamalize n'komwe kupakira ku Qatar. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndiye urea, NPK ndi tirigu zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam, mwinanso Durban. Wambiri mwa katunduyu amabwera wosathira m'matumba, wongokhuthulidwa m'zipinda zikuluzikulu za sitima zimene pa intaneti zimalembedwa kuti Bulk Carrier. Sitima yotere mungathe kuitsatira nokha pa foni, osalipira kalikonse kupatula bandulo. Chofunika n'kudziwa kuti kadontho kamene mukaone pa mapu ndi uthenga wochokera ku sitimayo, ndipo zina mwa zimene kakunena zinalembedwa ndi munthu pamanja. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa zodalirika ndi zofunika kufunsanso.

Choyamba, pezani nambala ya IMO

Musayambe ndi dzina. Sitima ikagulitsidwa imasintha dzina, ndipo maina ambiri amafanana, moti mukasaka dzina lokha mutha kutsatira sitima yamafuta imene ili ku Brazil mukuyesa kuti ndi feteleza wanu. Chimene sichisintha ndi nambala ya manambala 7 imene sitima imapatsidwa ikamapangidwa, ndipo imakhala nayo mpaka tsiku lodzaiphwasula. Dzina ndi mbendera zili ngati nambala puleti ya galimoto, pomwe nambala ya IMO ndiye nambala ya chasisi. Bungwe la International Maritime Organization (IMO), lomwe likulu lake lili ku London, linayambitsa ndondomekoyi mu 1987, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 1996 inakhala lamulo.

Nambalayi ifunseni kwa amene akukugulitsani katundu kapena kwa ejenti wanu wa za msonkho. Ngati katundu wapakiridwa kale, pemphaninso kope la bill of lading, chikalata chosonyeza kuti sitima yalandira katundu. Pamakhala dzina la sitima, doko lopakirira, doko lotsitsira, tsiku ndi matani. Wogulitsa woona sachita mphwayi ndi pempholi. Amene akuzengereza, n'kumakuuzani kuti ndi chinsinsi cha kampani, muchenjere naye. Amalawi sitinaiwale za mu 2022, pamene ndalama za boma zokwana K750 miliyoni zinaperekedwa kwa kampani ya ku Britain imene sinabweretse ngakhale thumba limodzi.

Nambala yabodza mungaigwire ndi cholembera chokha. Tengani manambala 6 oyambirira, muwachulukitse motsatana ndi 7, 6, 5, 4, 3 ndi 2, kenako muphatikize mayankhowo. Nambala yakumapeto ya chiwerengero chimenecho iyenera kufanana ndi nambala yomaliza ya IMO. Tiyese 9074729. Mupeza 63, 0, 35, 16, 21 ndi 4, zomwe zikupanga 139. Kumapeto kuli 9, ndipo nambala yathu ikutheranso ndi 9, ndiye ili bwino. Zikasemphana, mwina wina walakwitsa polemba, mwina waipeka.

Pali nambala inanso ya manambala 9 yotchedwa MMSI, imene wailesi ya sitima imagwiritsa ntchito. Manambala ake atatu oyambirira amasonyeza mbendera: 538 ndi Marshall Islands, 636 ndi Liberia, 477 ndi Hong Kong, 650 ndi Mozambique. Iyi imasintha sitima ikasintha mbendera, choncho ilembeni koma musaidalire kuposa inzake ija. Musadabwenso kuona sitima ya kampani ya ku Greece kapena ku Japan ili ndi mbendera ya Panama kapena Liberia. Ndi mmene malondawa amayendera.

Chachiwiri, ifufuzeni pa Equasis musanatsegule mapu

Ambiri amathamangira ku mapu chifukwa ndi kumene kumakoma. Ine ndimayamba ndi Equasis, tsamba laulere limene linayamba mu 2000 ndipo limayendetsedwa ndi maboma oyang'anira chitetezo cha panyanja. Mumalembetsa ndi imelo, n'kulemba nambala ya IMO posakira. Mupeza dzina limene sitimayo ili nalo panopa ndi maina ake akale, mbendera, chaka chimene inapangidwa, mwini wake, kampani yoiyendetsa, bungwe limene limaiyeza ngati DNV, ClassNK, Lloyd's Register kapena Bureau Veritas, komanso inshuwalansi yake.

Onani zinthu ziwiri makamaka. China ndi mtundu wa sitima. Ngati akuti mukubwera matani 25,000 a urea wosathira m'matumba koma nambala akupatsaniyo ndi ya sitima yamafuta kapena yamakontena, nkhani yathera pomwepo. Chinacho ndi mbiri ya kuyenderedwa kwake. Sitima ikafika padoko lachilendo, akuluakulu a dzikolo ali ndi mphamvu yoikwera n'kuiyendera, ndipo akapeza zolakwika zazikulu amaitsekera mpaka zitakonzedwa. Zotsatira za kuyenderaku zimalembedwa pa Equasis. Sitima yakale imene yatsekeredwapo kawiri katatu m'zaka zaposachedwa, kapena imene ikusintha dzina ndi mbendera chaka ndi chaka, ikhoza kuchedwetsa katundu wanu, ndiponso zitseko za zipinda zake zikhoza kukhala zodontha. Madzi amchere akalowa mu urea amamuumitsa n'kukhala zibuma.

Chachitatu, werengani kukula kwake

Pa VesselFinder kapena MarineTraffic, masamba a pa intaneti otsatirira sitima pa mapu, tsamba la sitima iliyonse limaonetsa manambala angapo amene amasokoneza anthu. Pamene palembedwa Gross Tonnage si kulemera, ndi muyeso wa kukula kwa mkati mwa sitima umene madoko amawerengera msonkho. Inu mufune pamene palembedwa Deadweight kapena DWT. Amenewo ndi matani onse amene sitima ingasenze, kuphatikiza katundu, mafuta ake, madzi akumwa ndi zakudya, ndiye katundu weniweni amacheperapo pang'ono pa nambalayo. Mukauzidwa kuti mwapakiridwa matani 40,000 m'sitima ya DWT 33,000, funsaninso.

Anthu a ntchitoyi amagawa sitimazi m'magulu. Handysize ndi zosakwana matani 40,000. Supramax ndi za matani 50,000 mpaka 60,000, ndipo Ultramax zimapitirira pang'ono mpaka cha m'ma 65,000. Magulu atatuwa ndiwo amatibweretsera feteleza ndi tirigu kawirikawiri, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi zipinda 5 ndi makireni 4 awoawo, kireni iliyonse yonyamula matani pafupifupi 30, moti amatha kudzitsitsira katundu ngakhale padoko lopanda makina okwanira. Yang'anani chithunzi cha sitimayo: mukaona nsanamira zinayi zitaima pamzere pakati pake, ndiwo makireniwo. Pamwamba pa izi pali Panamax, za m'lifupi mamita pafupifupi 32.3 kuti zikwane m'zipata zakale za ngalande ya Panama, ndi Kamsarmax za mamita 229 m'litali, zimene zinatenga dzina ku doko la Kamsar ku Guinea. Zazikulu zedi ndi Capesize, zambiri za matani pafupifupi 180,000, zopanda makireni. Kuno kwathu muziona ku Nacala-a-Velha, zikupakira malasha a ku Moatize amene amadutsa m'dziko muno pa njanji ya makilomita 912, kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi.

Lembani m'kope zinthu zinayi: DWT, kutalika, m'lifupi, ndi kuzama kumene sitimayo imamira ikadzaza, kumene kumalembedwa kuti Summer Draught. Nambala yomalizayi muifuna kwambiri kutsogoloku.

Chachinayi, tsegulani mapu, koma muyambe kuona nthawi

Masamba onsewa amadalira chipangizo chotchedwa AIS. Malamulo a panyanja a SOLAS amakakamiza sitima iliyonse ya Gross Tonnage 300 kupita m'mwamba yoyenda pakati pa mayiko kukhala nacho, ndipo pofika kumapeto kwa 2004 zonse zinayenera kukhala zitaika. Chipangizochi chimaulutsa pa wailesi ya VHF malo amene sitima ili, liwiro ndi kumene yaloza, pa masekondi 2 mpaka 10 alionse ikamayenda, ndi pa mphindi 3 zilizonse ikaima pa nangula. Sanachipangire ife a kumtunda. Anachipangira kuti sitima zisagundane, koma poti uthengawo ndi wosabisa, aliyense amene ali ndi cholandirira amaumva.

Vuto lagona pa kufupika kwa wailesi ya VHF. Zolandirira za m'mphepete mwa nyanja zimamva sitima imene ili pa mtunda wa makilomita makumi angapo basi, ndipo ku gombe la kum'mawa kwa Africa n'zochepa poyerekeza ndi ku Ulaya. Sitima ikalowa pakati pa nyanja ya Indian imamvedwa ndi masetilaiti okha, ndipo zimenezo makampani amagulitsa. Ndiye pa tsamba laulere mutha kupeza sitima yanu itaima pafupi ndi Oman kwa sabata yathunthu, pamene ili kale cha ku Comoros.

Choncho mukalemba nambala ya IMO n'kutsegula tsamba la sitimayo, maso anu apite kaye pamene palembedwa Position Received kapena Last Report. Ngati palembedwa kuti mphindi 4 zapitazo, kadonthoko kakunena zoona. Ngati palembedwa kuti masiku 6 apitawo, mukuona pamene inali, osati pamene ili. Yesani masamba awiri kapena atatu, kuphatikizapo MyShipTracking, chifukwa lililonse lili ndi zolandirira zake ndipo lina limatha kukhala ndi uthenga watsopano kuposa linzake. Nthawiyo kawirikawiri imalembedwa mu UTC, nthawi imene dziko lonse limawerengerapo. Wonjezani maola 2 kuti ikhale nthawi ya Malawi ndi Mozambique, maola 3 ngati mukulankhula ndi a ku Dar es Salaam.

Tsegulani akaunti yaulere, muike sitimayo pa mndandanda wa zimene mukuzitsatira, kuti musamasake tsiku ndi tsiku. Zimene amapereka ulere zimasinthasintha, makamaka pa MarineTraffic kuyambira pamene kampani ya Kpler inaigula mu 2023. Ngati katundu ndi wa mamiliyoni ambiri, kulipira mwezi umodzi kuti muone za setilaiti si kuwononga ndalama. Ngati mwangoitanitsa mathiraki awiri kwa wogulitsa wamkulu, zaulere zikukwanirani.

Chachisanu, siyanitsani za makina ndi za pamanja

Apa mpamene anthu ambiri amanamizikira, ndiye tikhalitsepo. Malo, liwiro ndi kolowera zimachokera ku GPS ndi makina a sitima. Koma kopita, nthawi yofikira, kuzama kwa sitima m'madzi ndi zimene ikuchita panthawiyo amalemba pamanja ndi ofisala amene ali pa ntchito. Munthu amaiwala, amatanganidwa, nthawi zinanso amauzidwa kuti asalembe.

Pa Destination pamakwana zilembo 20 zokha, ndiye ambiri amalemba zizindikiro za madoko. MZBEW ndi Beira, MZMNC ndi Nacala, MZMPM ndi Maputo, TZDAR ndi Dar es Salaam, ZADUR ndi Durban. Mukaona FOR ORDERS ndiye kuti kaputeni sanauzidwe kokatsitsa, kapena eni katundu sakufuna kuti zidziwike. Mukaona dzina la doko limene sitimayo inachokako kale, ndi kuiwala chabe. Kumbukiraninso kuti sitima imodzi imatha kunyamula feteleza wa anthu angapo n'kumatsitsa doko ndi doko. Ikalemba Mombasa kapena Dar es Salaam pamene inu mukuidikira ku Beira, musathamange magazi. Funsani wogulitsa kuti madoko otsitsira ndi angati ndipo lanu ndi lachingati, chifukwa doko lililonse la patsogolo panu likhoza kudya sabata kapena kuposa.

Pa ETA, nthawi yoyembekezera kufika, palibe chaka, pamangokhala mwezi, tsiku ndi ola. Ndiponso nthawiyo ndi yofikira kunja kwa doko, si yoyambira kutsitsa.

Pa Draught ndi pamene ine ndimakhulupirira kwambiri mwa zonse zolembedwa pamanja, chifukwa madoko amafunsa nambalayi sitima ikamanyamuka. Ifanizireni ndi Summer Draught munalemba ija. Supramax yodzaza imamira mamita 12 ndi theka kapena 13, pamene yopanda katundu, yongothira madzi m'matanki kuti isagwedezeke, imamira cha m'ma 6 kapena 7. Ndiye wogulitsa akati katundu wanu ali m'madzi, koma sitimayo ikusonyeza mamita 6.4 ndipo yaloza ku doko la Jubail ku Saudi Arabia kapena la Mesaieed ku Qatar, ndiye kuti ikupita kukapakira kumene. Werengerani masiku okadikira kumeneko, opakira, ndi ulendo wonse wobwera. Ikanyamuka n'kuona nambala yakwera kufika 10 kapena 11, dziwani kuti tsopano mulidi kanthu.

Potsiriza pali Navigational Status. Under way using engine ndiye kuti ikuyenda. At anchor yaponya nangula. Moored yamangidwa pa doko penipeni. Not under command kawirikawiri ndi vuto la injini kapena chiwongolero, ngakhale ena amalemba zimenezi akangozimitsa injini n'kumayandama podikira. Nthawi zonse fanizani mawuwa ndi liwiro. Sitima yolembedwa Moored imene ikuthamanga ma knot 12 ndiye kuti wina waiwala kusintha.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwerengereni nokha tsiku lofika

Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, kapena mailosi imodzi ya panyanja pa ola. Sitima zamtunduwu zimayenda pakati pa ma knot 11 ndi 14, ndipo mafuta akadula zimachepetsa dala. Pa ma knot 12 sitima imayenda mailosi 288 pa tsiku. Pezani mtunda wotsala ndi chida choyezera cha pa mapu kapena pa masamba owerengera mtunda pakati pa madoko, mugawe ndi 288. Ngati patsala mailosi 1,440, ndi masiku 5. Ngati uthenga womaliza unabwera masiku 3 apitawo, chotsani masiku atatuwo, patsala awiri. Masamu osavutawa amakuthandizani kudziwa pamene muyenera kuyamba kuda nkhawa: sitima imene inayenera kuonekanso pafupi ndi Nacala Lachiwiri koma mpaka Loweruka kuli zii, ndiyofunika kuimbira foni.

Kusowa pa mapu kuli ndi zifukwa zingapo, ndipo chachikulu ndi cha zolandirira chija. Komanso kaputeni amaloledwa kuzimitsa AIS akaona kuti ikuika sitima pangozi, monga m'madera a zigawenga za panyanja kufupi ndi Somalia, kapena pa Red Sea kuyambira mu Novembala 2023 pamene gulu la zida la a Houthi a ku Yemen linayamba kuombera sitima. Ku Persian Gulf, Red Sea ndi Black Sea kumachitikanso zosokoneza GPS, moti mumaona sitima ili pamtunda pakati pa mzinda kapena ikuzungulira malo amodzi pa liwiro losatheka. Zikatero dikirani ituluke m'deralo. Chimene chiyenera kukudabwitsani ndi sitima yosowa masabata angapo n'kutulukira kwina kosagwirizana ndi ulendo umene munauzidwa.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo onjezani nyengo pa masamu anu. Ndi nthawi ya anamondwe pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo ndi nthawi yomweyo imene alimi amafuna urea wobereketsa. Idai anawononga Beira mu Marichi 2019, Freddy anatipweteka tonse mu 2023. Namondwe akamayandikira, doko limatsekedwa ndipo sitima zimauzidwa kuthawira pakati pa nyanja. Pa mapu mumaziona zonse zikutuluka nthawi imodzi. Zolosera zodalirika za dera lino zimachokera ku ofesi ya Météo-France ya pa chilumba cha La Réunion, ndipo pa tsamba la zanyengo la Windy mungaone mphepo ndi mafunde pa njira ya sitima yanu.

Chachisanu ndi chiwiri, yafika, koma yafika pati?

Kulitsani mapu pa Beira. Muona gulu la sitima zitaima patali ndithu ndi mzinda, liwiro lake lili pa 0 kapena 0.2, ndipo mukatsegula njira imene iliyonse yadutsa muona kamzere kozungulira, poti madzi akamadzaza ndi kuphwera sitima imatembenuka pa nangula wake. Pamenepo ndi podikirira. Wogulitsa akakuimbirani kuti sitima yafika ku Beira sakunama, koma ikhoza kukhala pamenepo masiku awiri kapena masabata atatu.

Doko la Beira lili pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo sitima zimalowa kudzera mu ngalande ya Macuti, imene imadzaza mchenga ndi matope moti imafunika kukumbidwa kawirikawiri. Kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwera n'kwakukulu, kumapitirira mamita 5 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Sitima yolemera imadikira madzi odzaza kwambiri amenewa kuti ilowe, ndipo amabwera pafupifupi masabata awiri alionse. N'chifukwa chake nthawi zina sitima yaing'ono imene yabwera pambuyo imalowa yanu idakali panja, ndipo n'chifukwa chakenso eni katundu amakonda kutsitsako wina ku doko lina kuti ifike ku Beira itapepuka. Nacala ndi yosiyana. Ndi doko lakuya mwachilengedwe, lomwe linakonzedwanso n'kutsegulidwa mu Okutobala 2023 pamaso pa atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia. Kumeneko chodikiritsa nthawi zambiri si kuzama, koma malo oimikapo sitima ndi mabogi a sitima ya pamtunda.

Werengani sitima zamtundu wa Bulk Carrier zimene zili pa nangula, muone tsiku limene iliyonse inafika. Pa MarineTraffic zonyamula katundu zimaoneka zobiriwira, zamafuta zofiira. Zofiirazo komanso zamakontena musaziwerengere, zili ndi malo awoawo. Mukapeza zisanu zinafika yanu isanafike, mwadziwa kale kuti mzere ndi wautali. Masiku amene AIS ya padokopo yasiya kuoneka, zithunzi zaulere za setilaiti ya Sentinel-2 pa Copernicus Browser zimathandiza. Zimajambulidwa pafupifupi masiku 5 alionse, ndipo kukakhala kopanda mitambo sitima ya mamita 190 imaoneka bwinobwino, ngakhale simungawerenge dzina lake.

Komabe dongosolo lenileni la yolowa poyamba silili pa mapu. Lili ndi oyendetsa doko, amene ku Beira ndi kampani ya Cornelder de Moçambique kuyambira 1998, ndiponso ndi ejenti wa sitimayo. Ma ejenti amatumiza mndandanda wotchedwa line-up, wosonyeza sitima zimene zili padoko, zimene zikudikira, katundu wake, matani ndi tsiku loyembekezera kulowa. Pemphani ejenti wanu wa za msonkho kapena wogulitsa kuti azikutumizirani. Safunsa anadya phula. Mndandandawu mukauika pambali pa mapu mumaona msanga ngati wina akukometsa nkhani.

Tsiku limene muone kadontho katsamira khoma la doko, liwiro 0, palembedwa Moored, ndiye kutsitsa kuli pafupi. Kireni imatapa feteleza ndi chitsulo chokhala ngati zikhatho ziwiri, n'kumukhuthulira m'chifanelo chachikulu, pansi pake pali makina othira m'matumba a makilogalamu 50 ndi kusoka, kapena mathiraki opita naye ku nyumba zosungira. Kukangoyamba kuwaza mvula, amalinyero amatseka zitseko za zipinda ndipo ntchito imaima, chifukwa urea amayamwa chinyontho msanga. Mu Januwale sitima imatha kukhala padoko masiku ambiri ikugwira ntchito maola ochepa patsiku. Choncho muziona nyengo ya ku Beira, osati ya ku Lilongwe.

Ena amayesa kudziwa matani otsitsidwa poona kusintha kwa Draught. Masamu ake alipo: Supramax imakwera sentimita imodzi pa matani 55 mpaka 60 alionse ochotsedwa, ndiye mita imodzi ndi matani oposa 5,500. Koma musawadalire masiku otsitsa. Sitima ikamapepuka imathira madzi m'matanki, ndipo ofisala kawirikawiri sasintha nambalayo mpaka tsiku lonyamuka. Za tsiku ndi tsiku zili mu lipoti la ejenti, limene limanena matani otsitsidwa dzulo, otsala, ndi maola amene atayika ndi mvula.

Pomaliza, mathiraki muwatumize liti

AIS imathera pa khoma la doko. Kuchokera pamenepo ndi nkhani ya mapepala a kasitomu a ku Mozambique, a MRA, a MBS, ndi msewu. Matani 20,000 ndi matumba 400,000, ndipo pa matani 30 thiraki iliyonse ndi maulendo oposa 660, kudutsa pa Tete n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Wodzera ku Nacala pa njanji amalowa pa Nayuchi kupita ku Liwonde, Blantyre kapena Kanengo.

Kutalika kwa gawo limeneli tinakuona ndi feteleza wa NPK amene kampani ya Uralchem ya ku Russia inapereka kwa Malawi. Sitima ya MV Greenwich, imene bungwe la World Food Programme linachita hayala, inanyamuka ku Netherlands pa 29 Novembala 2022 ndi matani 20,000 kulowera ku Beira. Mwambo wopereka fetelezayo ku Lilongwe unachitika mu Marichi 2023, chimanga cha ambiri chitamasula kale ngayaye. Amene ankangoyang'ana tsiku lonyamuka akanayembekezera feteleza wokulitsa mu Disembala.

Ndiye musatumize madalaivala chifukwa chakuti sitima yaoneka pa nangula. Akakhala sabata ziwiri pa chipata cha doko akudya ndalama ya panjira, thiraki ili chiimire, ndipo mwini wake adzakulipiritsani masiku onsewo. Dikirani zinthu zitatu zigwirizane: mapu asonyeze Moored ndi uthenga wa lero lomwe, lipoti la ejenti linene kuti chipinda chimene muli katundu wanu chatsegulidwa, ndipo chikalata chotulutsira katundu chikhale chitasainidwa m'dzina lanu kapena la wogulitsa wanu. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira ndi makilomita oposa 800, ulendo wa masiku awiri kapena atatu mukaphatikiza za pa boda, choncho ejenti akakupatsani tsiku lodalirika lolowera padoko, bwererani m'mbuyo masiku amenewo n'kuuza dalaivala tsiku lonyamuka. M'mawa wa tsikulo, asanalize injini, tsegulaninso mapu muone ngati sitima imene inali patsogolo pa yanu yachokadi pa khoma.